Maungu a Kumwamba

Dziko la Tionekere musavutike n'kulifuna pamapu. Munthu wojambula mapu anafika pamalire, alonda anamupempha kangachepe, iye n'kubwerera. Koma dzikolo lilipo ndithu, ndipo m'masiku a nkhani inoyi linkalamulidwa ndi Mfumu Salakwa Wachiwiri, mwana wa Salakwa Woyamba, amenenso sanalakwepo mpaka tsiku limene anatsutsana ndi ng'ona za kuya kwa mtsinje.

Kunyumba yachifumu, mumzinda wa Ombanim'manja, kunkagwira ntchito kamunthu kena kafupi, ka dazi long'anima, dzina lake Lufeyo Kachiwaya. Ntchito yake inali yonyamula mbale. Mfumu ikafuna kutumiza mphatso kwa mfumu inzake, Kachiwaya ndiye ankasenza, kukagwada, kuomba m'manja, n'kubwerako ndi zimene eni khomo abweza. Paja ku Tionekere ngakhale mwana woyamwa amadziwa kuti mbale ikapita kwa mnansi ndi ndiwo, sibwerera yopanda kanthu. Kaya ndi katedza, kaya ndi kamchere, bola muli kanthu. Ikabwera yoyera, nkhani ndi ziwiri: mwina mnansi wakunyoza, mwina wotumidwa wadya panjira. Tsono poti panalibe woyerekeza kunyoza Mfumu Salakwa, nkhani inkatsala imodzi. Amene ankagwira ntchitoyi Kachiwaya asanalowe anabwerapo tsiku lina ndi mbale yoyera mbee, ndipo mpaka lero akuphwanya miyala kundende ya Ukalapa, kumene ngakhale nsabwe zimapempha kusamutsidwa.

Tsoka la Kachiwaya linabwera litavala magalasi. Anali Dokotala Ndaziona Chapola, mayi injiniya amene anakhalitsa kunja akuphunzira za zouluka. Anaima pakati pa bwalo la nduna, Kachiwaya ali pakona pake pa masiku onse, n'kuyamba kufotokoza.

"Mwinidziko, maiko ena akafuna kukaika setilaiti kumwamba amamanga roketi yaitali ngati nkhokwe zosanjikiza. Amaidzaza mafuta, komanso mpweya wowotchera mafutawo, thanki yaikulu kuposa katundu amene. Ikauluka kamodzi, yathera pomwepo. Zili ngati kukwera basi kupita kumsika, pofika n'kuiyatsa moto."

"Kwathu kuno mabasi amayaka okha," inatero mfumu.

Nduna zonse zinaseka. Ina imene inali kusinza inadzidzimuka n'kuseka kuposa zonse.

"Chombo changachi sichisenza mpweya kuchokera pansi," anapitiriza dokotala. "Chili ndi chikamwa kutsogolo. Chikamakwera chimameza mpweya womwe tikupumawu, waulere, n'kumawotchera mafuta. Chikafika kumene mpweya watha, chimatseka pakamwa n'kumalizitsa ulendo ndi kathanki kakang'ono. Chikasiya setilaiti chimatembenuka n'kudzatera pabwalo ngati ndege. Mwachipukuta, mwathira mafuta, chapitanso. Ulendo wa kumwamba ukhala wotchipa moti ndi ife tomwe tiukwanitsa."

"Mpweya waulere?" inadabwa nduna ya misonkho. "Analoleza ndani zimenezo?"

Mfumu inakweza chala, onse n'kukhala chete.

"Mwati chimapita ndi katundu wanga?"

"Inde, Mwinidziko."

"N'kubwera?"

"N'kubwera, Mwinidziko."

"Chimabwera ndi chiyani?"

"Chopanda kanthu. Ubwino wake ndi womwewo, chimatera chopepuka."

Bwalo lonse linati hii! A Zoonabwana, Nduna ya Ulemu ndi Kuomba M'manja, anagwira pamtima ngati alasidwa.

"Chopanda kanthu! Mayi, kodi munaleredwa ndi anthu?"

"Kumwambako kulibe munthu, a nduna. Abweza ndani?"

"Kulibe munthu? Nanga nyali zonse zija amayatsa ndani?"

Mfumu inagwedeza mutu pang'onopang'ono. Funso limeneli linailowa.

"Ndiye kuti zaka zonsezi tili ndi anansi pamutu pathu pomwepa, osawapatsako moni. N'chifukwa chake amatimana mvula. Lembani lamulo! Chombocho dzina lake Pitaubwere. Setilaiti ipite ngati mphatso yanga. Kachiwaya!"

"Wawa, Mwinidziko!"

"Ukwera iwe. Katundu wa mfumu sayenda yekha ngati mbuzi yosokera. Ukagwade bwino, tione anthuwo ngati ali ndi khalidwe."

Dokotala anayesa kunena kuti chombocho chimadziyendetsa chokha, ndiponso kuti munthu ndi katundu wowonjezera. Mfumu inamuyang'ana Kachiwaya kuyambira kudazi mpaka kunsapato.

"Ameneyu salemera. Ndimamulipira ndine, ndikudziwa."

Bwalo litabalalika, Kachiwaya anamuthamangira dokotala pakhonde.

"Adokotala, tiyankhule ngati ana a anthu. Kulibedi ngakhale kamlonda?"

"Kulibe."

"Ngakhale kagolosale koti munthu n'kugulapo sopo?"

"Kuli mdima ndi kuzizira, bambo Kachiwaya."

Kachiwaya anaima pomwepo, m'makutu mwake mukumveka kale nyundo za ku Ukalapa.

Tsono Kachiwaya anali mkamwini. Nyumba ya kuseri kwa chigayo, munda, nkhuku, zonse zinali za mkazi wake Nasibeko. Zake zinali jekete ndi chipeso, chimenenso dazi linachichotsa ntchito. Choncho m'mawa wa tsiku la ulendo, Nasibeko atapita kumjigo, jekete linalowa m'khola lili lophwa, n'kutulukamo lili ndi pakati.

Kubwalo la ndege kunali fumbi lokhalokha. Amayi ovina anavala zitenje za nkhope ya mfumu, nkhopeyo n'kumagwedezeka mbali zimene sitingatchule. Dokotala anapempha kuti anthu aime patali ndi chikamwa chija, koma a Zoonabwana anati kutalikira chinthu cha mfumu ndi mwano. Ndiye injini itangoliza, Pitaubwere anayamba kudya. Anameza zipewa za asilikali, anameza wigi ya mkazi wa nduna ya zaumoyo, anameza mapepala onse a mawu a Zoonabwana akali pa "Olemekezeka". Anthu anaomba m'manja mochokera pansi pa mtima, chinthu chimene chinali chisanachitikepo mumzindamo.

Kachiwaya sanaone zimenezi. Iye anali atamangidwa malamba, akumva ngati ng'ombe yamukhalira pachifuwa. Chombo chinabangula, chinakwera, chinakwererabe, kenako chikamwa chija chinatsekeka kuti khu, ng'ombe ija n'kudzuka. Kunati zii. Nkhuku inatuluka m'jekete n'kuyamba kuyandama, ikuzungulira pang'onopang'ono, ikumuyang'ana ndi diso ili kenako ilo, ngati ikuti tikaonana kunyumba. Setilaiti inachoka kumsana kwa chombo n'kumapita yokha. Kachiwaya, poti ntchito ndi ntchito, anafika pawindo n'kuomba m'manja.

"Odi! Odi kuno eni khomo!"

Mdima sunayankhe. Anabwerezanso, kuti mwina ali kuseri. Kenako anagwira nkhuku mwendo n'kukhala pansi, ngakhale pansi panalibe.

Atatera, anagwada pamaso pa mfumu, pakamwa pake pali bwinobwino.

"Mwinidziko, a kumwamba akuti ali bwino kaya inu. Akuti mwawadzidzimutsa, mwawapeza asanasese. Akuti setilaiti ailandira ndi manja awiri, aipachika poonekera. Akuti musawaseke, naka kankhuku."

Nthungululu zinamveka mpaka kumalire. Mfumu inanyamula nkhukuyo ngati khanda, misozi ili lengelenge. Tsiku lomwelo nkhuku inapatsidwa chipinda, msilikali woilondera, ndi udindo wa Mlendo Wolemekezeka wa Boma.

Kunyumba Kachiwaya anapeza chipeso chake chili pakhonde, chitamangidwa pakansalu.

"Bambo a Sautso," anatero Nasibeko, manja ali m'chiuno, "nkhuku yanga ndaiona pakanema kwa a neba. Ili ndi msilikali. Ine mwini wake ndilibe ndi galu yemwe. Tengani katundu wanu."

"Mayi a Sautso, ndimvereni kaye."

"Ndikumva muli panjira."

Kachiwaya anakhala pamtondo n'kuulula zonse, ndi zoopsa zenizeni zomwe. Chikanakhala chombo cha maiko ena, bodza lake likanapsera limodzi ndi roketi, nkhani n'kutha. Koma Pitaubwere anali atamupukuta kale, amuthira mafuta, ndipo Lachisanu akupitanso. Mfumu inati singagonje kwa anthu a nkhuku, itumiza mbuzi.

"Ndiye mbuziyo mukaipatsa ndani?" anafunsa Nasibeko.

"Ndikangoitsegulira chitseko."

"Mbuzi? Kuitaya?" Manja anachoka m'chiuno. "Bambo a Sautso, bwezani chipesocho m'nyumba. Mwambo umati mphatso ya mfumu amakulunga ndani?"

"Mkazi wa wotumidwa."

"Amakulungira kuti?"

"Kunyumba kwake."

"Adokotala anu aja amasuzumira m'phukusi?"

"Amangoyang'ana sikelo."

"Basi. A kumwambawo ndine."

Lachisanu mbuzi inalowa kuseri kwa chigayo, ndipo kunatuluka chiphukusi cholemera ndendende ngati mbuzi. Kunja chinali ndi chitenje cha nkhope ya mfumu, m'kati chitenje chakuda cha madontho oyera, m'kati mwenimweni maungu. Pabwalo la ndege a Zoonabwana anauza mtundu wonse kuti uphunzire kwa mbuzi imeneyi, imene yakhala chete pamaso pa mfumu osalira ngakhale kamodzi. Kumwamba Kachiwaya anangovula chitenje chakunja, kuchipinda, n'kupuma pang'ono akuonera dziko likuzungulira. Madzulo mfumu inalandira maungu a kumwamba.

Kuyambira pamenepo, ubale wa maiko awiriwa unakula modabwitsa. Mfumu inatumiza makina osokera, kunabwera maungu. Inatumiza matiresi a masipuling'i, kunabwera maungu. Inatumiza njinga yamoto, kunabwera maungu ambirimbiri ndi kambatata pamwamba. Inatumiza mpando wake wagolide, kunabwera maungu ndi uthenga woti a kumwamba alira ndi chisangalalo, zimene zinali zoona. Dzungu lililonse linkadulidwa pabwalo la nduna, gulu la asilikali likuimba malipenga. Nduna ya zaumoyo inati italawa kachidutswa, kuthamanga kwa magazi kunaima, ndipo inalamula kuti zipatala zizipereka nthanga m'malo mwa mapiritsi. Nduna ya maphunziro inati yayamba kulota m'Chifalansa. A Zoonabwana anati iwo sanadye n'komwe, anangonunkhiza, koma mkazi wawo amene anathawa kalekale waimba foni.

Amene ankawonda ndi dokotala. Masetilaiti ake, a zanyengo ndi a mafoni, anali mbwee m'shedi, akangaude akumangamo nyumba.

"Mwinidziko," anadandaula tsiku lina, "ndinachotsa chithanki cha mpweya kuti malowo mukhale setilaiti, osati matiresi. Chombochi chimathamanga kuposa mawu. Chikunyamula maungu."

"Maungu a kumwamba," anakonza a Zoonabwana.

"Mayi," inatero mfumu mokoma mtima, "inu munaphunzira zitsulo. Za chibale tisiyireni ife."

Kachiwaya ananenepa pang'ono, moti dokotala anayamba kumuyang'ana ndi diso la sikelo. Loweruka lina anadutsa mumsika wa Tsitsaniko atavala nsapato zatsopano, ndipo mayi wina wogulitsa tomato, Nachisale, anamuitana.

"A Kazembe a kumwamba! Bwerani mutipatseko moni, mwina tichira nyamakazi."

"Muli bwanji, mayi?"

"Tili bwino, kaya anzathu a m'mitambo? Komatu amalima ngati ife. Dzungu lina pakanema ndinaliona lili ndi bala la khasu."

"Khasu ndi khasu, mayi, kulikonse."

"Eetu. Ndipo amayanika matiresi pampanda ngati ife. Ndinaona ena kuseri kwa chigayo, ndinati koma kumwamba kwayandikira masiku ano. Kale ankati mpaka ufe."

Amayi a m'mabenchi oyandikana anagwa nako kuseka. Dazi la Kachiwaya linachita thukuta.

"Musaope, achimwene," anatero Nachisale akumuikira tomato wa basera m'thumba. "Ife maso athu ndi a tomato basi. Kungoti munda wa Nasibeko ndi waung'ono. Akumwambawo maungu akawathera, muwauze kuti benchi lachitatu kuchokera pampopi alipo."

Sabata yotsatira, theka la msika linali kugulitsa maungu kumwamba kudzera kuseri kwa chigayo. Mzinda wonse unkadziwa, kupatula nyumba yachifumu, pakuti ku Tionekere nkhani zili ngati madzi, zimatsika, sizikwera.

Zikanapitirira choncho mpaka Kachiwaya kupuma pantchito. Koma chombo chinali chabwino mopitirira muyeso. Chinapita, chinabwera, chinapita, chinabwera, osatayako ngakhale nati imodzi, mpaka mfumu inasiya kuchiopa. M'mawa wina inaimirira pabwalo, nkhope ikuwala.

"Chipande cha therere chimakoma n'kuyenderana. Anthu andidyetsa chaka chonse, ine osakawaona nkhope? Ulendo uno ndipita ndekha. Kachiwaya anditsogolera, poti amadziwa makomo."

Nduna zinaomba m'manja. Kachiwaya naye anaomba, koma manja ake sankakumana.

Dokotala anabwera ndi sikelo. Mfumu inakwerapo, ndipo poti kulemera kwa mfumu ndi chinsinsi cha boma, aliyense anayang'ana kudenga. Dokotala yekha anayang'ana pansi, n'kuvula magalasi, n'kuwapukuta.

"Mwinidziko akakwera, china chilichonse chitsale. Phukusi, chikwama, ngakhale ndodo."

"Palibe kanthu," inatero mfumu. "Mphatso ndine."

Kunyumba, Nasibeko anamvetsera ali pampando wagolide, akusenda chinangwa.

"Ndiye mulibe phukusi, mulibe jekete, ndipo mwini wake akukaona yekha?"

"Ndi momwemo, mayi a Sautso."

"Ku Ukalapa amalola bulangete?"

"Nasibeko, ino si nthawi yoseka!"

Mkaziyo anaika mpeni pansi.

"Mwamuna wanga, munabwera pano mulibe munda, mulibe mbuzi, mulibe tsitsi. Chinandikwatira ine ndi pakamwa panupo. Pitani napo, sipalemera pasikelo."

Tsiku la ulendo mzinda wonse unakhamukira kubwalo la ndege. Anthu anabwera ndi madengu, mawilibala ndi ngolo, poti a Zoonabwana analengeza kuti ngati wantchito wamba amabwera ndi maungu, mwini wake abwera ndi zosasimbika. Mfumu anaikankhira m'chombo anthu anayi amphamvu, malamba anachita kulumikiza, ndipo Pitaubwere anameza mpweya wa ku Tionekere mwaukali kuposa kale, pakuti ntchito inalipo.

Ng'ombe ija itadzuka pachifuwa, chisoti chachifumu chinanyamuka pamutu n'kuyamba ulendo wakewake. Mfumu inachisiya. Inamasula malamba, inayandama ngati chibaluni mpaka pawindo, inakonza mkanjo, n'kukonzeka kulandira nthungululu.

Kunali zii.

"Kachiwaya."

"Wawa, Mwinidziko."

"Mudzi uli kuti?"

"Ndi womwewu, Mwinidziko."

"Anthu?"

Mutu wa Kachiwaya unali mbee ngati mbale ya mnzake wa ku Ukalapa uja. Koma pakamwa panayamba pokha.

"Apita kumaliro."

"Onse?"

"Kuno amagwirizana kwambiri."

"Nyumba zawo?"

"Apita nazo, Mwinidziko. Maliro ake ndi akutali."

Mfumu inayang'ana kumanja, mdima. Inayang'ana kumanzere, mdima. Salakwa sanali chitsiru ayi, kungoti chibadwire anali asanakhalepo pamalo opanda kuomba m'manja, ndipo munthu sungaganize anthu akukuombera m'manja. Tsono kumeneko, kwa nthawi yoyamba, anaganiza. Zinamutengera kanthawi, poti chinali chinthu chachilendo.

"Kachiwaya, mpando wanga wagolide uli kuti?"

"Kuseri kwa chigayo, Mwinidziko."

"Ukutani kumeneko?"

"Amasenderapo chinangwa."

Apa Kachiwaya anati agwade. Koma kugwada kumafuna pansi. Atangopinda mawondo anayamba kuzungulira, mutu pansi miyendo m'mwamba, mpaka zidendene zake zinaloza mphuno ya mfumu, mlandu umene pawokha ndi wa zaka zambiri.

"Ukalapa wakuchepera!" inabangula mfumu, ikupalasa manja osasuntha. "Ndikukumbira ndende ina pansi pa Ukalapa!"

"Ndiyeneradi, Mwinidziko," anatero Kachiwaya ali chadodolido. "Mundikumbire yakuya. Kungoti kundende anthu amafunsana kuti mnzathu unalakwanji. Ine pakamwa panga mukupadziwa. Ndidzati ndinanamiza mfumu. Adzati, aa, kodi mfumu imanamizika? Nanga anayamba ndani kunena kuti kumwamba kuli anansi? Ine ndidzati sindikukumbuka, koma akaidi ndi anthu okumbukira."

Mfumu inasiya kupalasa.

"Ndiponso, Mwinidziko, pansipo atidikira ndi madengu. Mbale ikubwerera yoyera. Adzati kaya a kumwamba anyoza mfumu pamaso, kaya otumidwa adya panjira. Ndipo lero otumidwa tilipo awiri."

Chisoti chinadutsa pakati pawo, chikuzungulira mwaulemu. Onse awiri anachiperekeza ndi maso.

"Unati maliro?" inafunsa mfumu, mawu atatsika.

"Maliro, Mwinidziko."

"Pamaliro mbale imabwerera bwanji?"

"Yopanda kanthu. Namfedwa sabweza. Kungoyembekezera kuti abweze ndi ufiti."

"Hmm. Wamwalira ndani?"

"Mayi wamkulu wa mudzi uno. Yemwe ankalima maungu uja."

"Anali mayi wabwino?"

"Wovutirapo, Mwinidziko, koma wabwino."

"Tembenuka, ukundiloza ndi mapazi. Ndigwirire chisoticho."

Pobwerera, chombo chitalowanso mumpweya, chikamwa chinatseguka, injini n'kuyambanso kupuma, ndipo m'kati mwa phokosolo mfumu inali kuphunzira kulira. Inali isanalirepo maliro a munthu, poti nthawi zonse inkatuma nduna.

"Ndikulira bwino?"

"Onjezani mapewa, Mwinidziko. Pakamwa pachepe. Eya, choncho. Muzisiyira pakati ngati mawu akukanika."

Chitseko chitatseguka, ng'oma zinali pakalapakala, madengu ali m'mwamba. Mfumu inatuluka chisoti chili pachifuwa, mutu uli pansi, mapewa akugwedezeka. Ng'oma zinazima imodziimodzi.

"Anthu anga," inatero, n'kusiyira pakati. "Tapeza zovuta."

Inafotokoza za mayi wamkulu wa kumwamba, mlimi wa maungu, amene watisiya mwadzidzidzi. Isanamalize, a Zoonabwana anali kale pansi, akugubuduzika pa phula.

"Mayi anga ine! Dzana lomweli ndinawalota akundiitana dzina! Ndani adzatidyetsa ife ana amasiye!"

Nduna ya maphunziro inalira m'Chifalansa. Nduna ya zaumoyo inakomoka, koma itaona kuti kamera yayang'ana kwina inadzuka n'kukakomokera kutsogolo. Pomwepo lamulo linatuluka: dziko lonse likhuze, mbendera zitsike, ndipo Pitaubwere azinyamula chipepeso ulendo uliwonse, popanda munthu woyembekezera kuti kubwera kanthu.

Dokotala Chapola anakweza dzanja mwamantha.

"Mwinidziko, ndiye chombo chizitera chopanda kanthu?"

"Nanga pamaliro, mayi? Mulibe chisoni?"

"Ndili nacho chambiri. Kodi setilaiti ingapiteko limodzi ndi chipepesocho?"

"Ipite ngati nkhata."

Dokotala anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka, ndipo anthu anati taonani, ngakhale ophunzira zawakhudza.

Kenako mfumu inakoka Kachiwaya n'kumuimika pambali pake, dzanja lili paphewa, zala zikutsina.

"Ine ndi munthu uyu talira limodzi kumwamba. Zimene taona ndi zathu awiri. Womukhudza iyeyu wakhudza ine, ndipo womufunsa mafunso apita ku Ukalapa."

Anthu anayamba kubalalika ndi madengu awo opanda kanthu. Nachisale anadutsa pafupi, dengu lili pamutu, akuyankhula ndi mnzake mokweza kuti aliyense amve.

"Amuna anga anamwalira mpanda umodzi ndi nyumba yachifumu, sikunabwere ngakhale kandulo. Ine nthawi yanga ikakwana mudzandikweze chombochi, ndikafere kumwamba."

Kachiwaya anatsika masitepe khosi lili lake, ndende ili kutali. Kumpanda wa bwalo anapeza Nasibeko atakhala panjinga yamoto, atafunda kale mpango wakuda.

"Bambo a Sautso."

"Mayi."

"Ndamva kuti ndamwalira."

"Pepani, mayi. Zinachitika mwadzidzidzi."

"Ndinadwala nthawi yaitali?"

"Ayi, simunavutike. Mfumu yalira kwambiri."

Nasibeko anaganiza pang'ono, n'kuponda sitata.

"Kwerani. Ndipo mukawauze kuti chipepeso chikhale cha shuga, mafuta ophikira ndi malata. Malemuwo ndimawadziwa bwino, nyumba yawo imadontha."